Timizere ta Lolemba

Wofufuza wathu, munthu wosamva za mnzake, anatha miyezi isanu ndi inayi akujambula kagalasi kamodzi ndi maikulosikopu yatsopano, yoona tinthu tochepa kasauzande kuposa tsitsi. Kutatsala tsiku limodzi kuti akuluakulu adzagamule ngati ntchito yake ipitirire, anapeza mayi wosesa ali ndi kagalasiko m'manja.

"Mayo ine! Amayi, mwakatani kagalasiko?"

"Ndakapukuta, bambo."

"Panali zinthu pamenepo!"

Mayiyo anakayang'anitsitsa cha pawindo. "Panalibe."

"Sizioneka ndi maso!"

"Nanga mwadziwa bwanji kuti zachoka?"

Wofufuza anacheukira kuchitseko.

"Pachitsekopo ndinalemba kuti musakhudze kanthu."

"Munalemba kuti tisakhudze makina. Sindinawakhudzepo. Fumbi lake si ilo?"

Mkuluyo, mtima uli m'mwamba, analoza chithunzi chachikulu chapakhoma.

"Mukutiona timizere iti? Palibe munthu anationapo padziko lonse. Timamera tokha. Ndipo Lolemba lililonse timawonjezeka!"

"Lolemba?"

"Osaphonya. Chodabwitsa chake n'chimenecho."

"Kupatula milungu iwiri ya mu Juni."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinali patchuthi."



"Zinangokumanizana," anatero wofufuza.

"Eya, zimatheka." Mayiyo anapendeketsa mutu, maso pachithunzi. "Tonse tapendekera mbali imodzi."

"Nkhani imeneyo yokha ndailembera masamba makumi anayi."

"Pepani. Ndine wamanzere."

"Amayi, sayansi si masewera! Nsanza singalembe zinthu zokongola chonchi."

"Ndimaichapa bwino."

"Ndakana!"

"Chabwino. Nayonso yatha, ndimati ndiitaye lero."

"Musataye!"

Mawu amenewo anatuluka okha, mwini wake asanawalole. Ndinamumvera chisoni, kunena zoona. Anakhala pampando, napukuta thukuta ndi taye.

"Akuluakulu aja mawa adzafuna kuona chimene chimabala timizereti," anatero motsitsa. "Ndikapanda kuwaonetsa, ntchito yandithera."

"Ndiye muwauza chiyani?"

"Sindikudziwa. Tabweretsani nsanzayo, mayi anga, ndiiyeze kaye."

Anatambasula dzanja. Mayiyo anaipinda bwinobwino nsanza ija kanayi, naiika m'thumba la epuloni, n'kuloza kuchitseko.

"Bambo, musakhudze makina."