Zenera la ku khitchini ya apongozi

Pamzere wolipira m'sitolo ya zipangizo zomangira, bambo wina anali atasenza felemu ya zenera paphewa. Mayi amene anali kumbuyo kwake ndiye anayamba.

"Bambo, mutikolowola maso ndi felemu yanuyo. Mukumanga?"

"Pepani mayi. Ndikukaboola khoma la khitchini ya apongozi."

"Mkamwini kuboola khoma la apongozi? Banja mwatopa nalo eti?"

"Andituma okha. Kwawo kumapiriko khansa yapakhosi yatha anthu, pomwe kwathu kuchigwa timangoimva pawailesi."

"Si zakumtundu zimenezo?"

"Ngakhale obwera ikumawagwira. Adokotala akuti choyambitsa chenicheni sichinadziwike, koma akukayikira utsi, fodya, mowa ndi tiyi wotentha kwambiri. Kumeneko n'kozizira. Amaphika atatseka chitseko, tiyi amamwa akadali kubwata."

"Ndiye apongoziwo akudwala?"

"Anawapeza nayo msanga, n'kuwachita opaleshoni. Panopa akumeza bwinobwino, moti ayambiranso kundikalipira."

"Aaa, ndiye achiradi! Tiyiyo asiya?"

"Kusiya? Mayi amene aja? Amangodikira kuti azizireko, uku akudandaula kuti tikuwamwetsa madzi otsukira mbale."

"Koma bambo, zenera limodzi lingathamangitse khansa?"

"Sindikudziwa, mayi. Pa zonse anatchula adokotala zija, utsi ndi umene ndingautulutse ndi manja angawa."

"Mmm. Kwanga denga la khitchini lada bii ngati kunsi kwa poto, ndipo mwana wanga wamkazi ndiye amakhalitsamo. Mafelemuwo atsalako?"

"Ndasiyako awiri."

"Ndisungireni malo pamzerepa, ndikubwera."