Matabwa a Kabati Ada Bii

Pa siteji ya Ligowe, chaka chimene tinavotera matipate, mayi wina anaona sowo m'chikwama cha bambo amene anaima naye pafupi.

"Pepani bambo, ndinu akalipentala eti? Vanishi akada kwambiri mumatani kuti ayereko?"

"Mumapala ndi botolo losweka, kenako sandipepa. Mwapaka chiyani, mayi?"

"Si ine, ndi amuna anga. Apaka matabwa, akuti ndi a kabati yathu. Ada bii, mpaka ndikuopa kuwayang'ana."

"Bwanji osapala okha?"

"Akukana. Komanso mphamvu alibe, akhala akutsokomola kuyambira dzinja."

"Kodi anayeza khoma asanadule matabwawo?"

"Ayi. Ndinawapeza atagona chagada pathabwa, akulemba ndi pensulo chakumutu."

"Mayi, musapale. Si kabati imeneyo. Kaitaneni abale awo."