Maliro amene tinkabisirana m'nyumba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine make Tadala, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Lynnwood, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga ndikumuona ndi maso.

Tadala analeredwa ndi amayi anga ku Ntcheu, ndipo tinamutenga kuti adzaphunzire kuno ku Joni. Amayiwo atamwalira sindinapite, mapepala anga anali asanatuluke. Ine ndi bambo ake tinachita monga timachitira kwathu, mwana amene akuyandikira mayeso sauzidwa za maliro. Ndinkalirira m'bafa la abwana mpopi uli chotsegula, kunyumba n'kukafika ndikumwetulira.

Posakhalitsa mwana anasiya kudya, kenako kulankhula. Yunifomu inayamba kumulendewera. Kuchipatala sanapeze matenda, mapemphero tinachita, koma osasintha. Aphunzitsi atanena kuti awuza a boma oona za ana, mtima unandithawa. Ndinkachapa zovala za eni ake ndikuganiza kuti andilanda mwana, kapena ndimuika m'manda m'dziko la eni. Ndinkangoti, Ambuye, mwanditengera mayi, uyu yekha ndisiyireni.

Sukulu inatitumiza kwa mayi wina wothandiza mabanja pa za maganizo. Iye anakana kuona mwana yekha, anati tibwere tonse. Bambo ake anang'ung'udza njira yonse kuchokera ku Rosslyn kumene timakhala kuti wodwala ndi mwana, iwo ajomberanji kuntchito.

Mayiyo sanafunse za chakudya n'komwe. Anaika mpando wopanda munthu pakati pathu, n'kufunsa kuti m'banja lathu ndani akanayenera kukhala pamenepo. Ine ndinayang'ana pansi. Tadala anati, "Agogo," n'kuyamba kulira. Mayiyo sanamutonthoze, anangodikira.

Kenako mwanayo anagwada pamapazi anga. "Amayi, pepani, musakomoke. Agogo anamwalira. Ndinaona bokosi lawo pa foni, msuweni wanga anaika chithunzi. Ndimaopa kukuuzani chifukwa cha BP yanu."

Abale anga, miyezi yonseyi mwana ankandiona ndikuseka, iye n'kumaganiza kuti sindikudziwa kuti mayi anga kulibe. Anasenza yekha maliro kuti ine ndisafe, chakudya n'kumamukanira pakhosi.

Tinalira atatu mu ofesi ya eni, ndi bambo ake omwe amene sindinawaonepo akugwetsa misozi. Mayi uja anatilangiza kuti tikhale pa maliro ngakhale mochedwa. Azimayi a kumpingo anabwera Loweruka, tinayala mphasa, tinaimba nyimbo zimene amayi ankakonda. Tinapitiriza kukaonana ndi mayi wotithandiza uja, ndipo mwana anabwerera pang'onopang'ono.

Ndikuyamika Mulungu amene anayankha kudzera mwa munthu wosadziwa ngakhale moni wa Chichewa. Inu amene mwana wanu wakhala chete, musaleke kupemphera, komanso musaope kupita naye limodzi kukalankhula. Tsiku la mphasa lija Tadala anadzigawira yekha mpunga, n'kundifunsa ngati ine ndadya.