Mbiri ya Malemu Sixten Aldervall, Amene Anadikira Mpando

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1941 m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Härnösand, m'banja la asodzi. Sukulu anayambira komweko, ndipo mu 1960 anapita ku yunivesite ya Uppsala kukaphunzira za miyala ndi nthaka. Mu 1968 anakwatira mayi Gunvor, omwe akhala kutsogoloku.

Anamalira inu, ntchito ya bambo Aldervall mukuidziwa. Dziko lathuli limakwera pang'onopang'ono kuchoka m'nyanja, ndipo Bungwe la Akadaulo a Nthaka ndi Nyanja, lomwe linakhazikitsidwa mu 1761, lakhala likusema zizindikiro pamatanthwe poyeza kukwerako. Kuyambira mu 1970 malemuwa ndiwo ankazungulira zilumba kupitiriza ntchitoyi, chisanu chikuwaluma zala. Mabuku awo atatu bungweli linasindikiza monyadira, koma mpando wa umembala, womwe ankaulakalaka moyo wawo wonse, linawamana.

Mipando kumeneko ndi makumi anayi basi, ndipo munthu amalowa wina akamwalira. Posankha amaponya timipira m'chikho, toyera kuvomera, takuda kukana, woponya osadziwika. Mu 1989 anawakana. Mu 2003 anawakananso, popanda ndi chifukwa chomwe. Abalefe tinkawauza kuti aleke kudzichotsa ulemu pakhomo la eni, koma iwo ankakhulupirira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Okutobala chaka chatha timipira toyera tinachuluka, ndipo malemu analira ngati mwana. Komatu lamulo lakalelo limati munthu sakhala membala kufikira atayankhula pamaso pa anzake pamsonkhano wa mu Meyi. Mu Januwale anayamba kudwala mapapo. Mayi Gunvor anapita okha kukapempha kuti mwambowo uchitike msanga, ngakhale pambali pa bedi kuchipatala. Anayankhidwa mwaulemu wonse kuti mwambo susuntha. Anthu ophunzira, odziwa kuti thanthwe limasuntha, kulephera kusuntha tsiku limodzi! Zimenezi zatiwawa, ndipo sitibisa.

Malemu anatisiya pa 21 Febuluwale 2024. Abungwe atiuza kuti belu la m'holo yawo, lomwe amaliza membala akamwalira, saliza, ndipo dzina la malemu silidzalembedwa pakhoma pamodzi ndi la anzawo, poti sanali membala. Atumiza maluwa, talandira. Jekete lakuda la mchira lomwe anasoketsa pokonzekera tsiku la mu Meyi, ndi lomwe tawaveka m'bokosimu.

Asiya mayi akunyumba, ana awiri, Ylva ndi Botvid, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino omwe anawasamalira, abusa athu, ndi asodzi a pachilumba cha Ulvön omwe ankawaolotsa pa maboti awo zaka zonsezi, ndipo lero anyamula bokosi. Tikachoka kumanda, khofi ali m'holo ya tchalitchi. Kumeneko mipando ilipo ya aliyense.

Bambo Aldervall, mwadikira mokwanira. Usani mumtendere.