Galu wa Kolala wa Maluwa Achikasu

Atelala ankachita lendi nyumba ya kumanja, ndipo ya kumanzere mumpanda womwewo munkakhala Amesenjala, bambo amene anakalambira pa ntchito yotumidwa mu ofesi, oti ukawatuma amachita zomwe wanenazo osawonjezera, osachotsera. Pakati pa makomo awiriwo pankangoyendayenda galu wofiirira wopanda chingwe, ndipo tsiku lina m'mawa Atelala atamupeza akutafuna mkono wa jekete la kasitomala, anaimbira foni mwini nyumba.

Lamulo la mumpandamo aliyense ankalidziwa: wosunga galu asamuke. Mwini nyumba anati abwera masana omwewo kudzaona galuyo ndi mwini wake yemwe. Foni itangoduka, mtima wa Atelala unayamba kuwatsutsa. Iwo anali munthu wamakani, woti akanena kuti thalauza lakwana ndiye kuti lakwana ngakhale wovalayo akulephera kupuma, koma kusowetsa nkhalamba pokhala sanakufune. Anavala malaya awo a maluwa achikasu, amene akazi awo anawasokera ndi nsalu yotsala, n'kupita kukachenjeza mnzawoyo.

Anapeza Amesenjala ali pakhonde akumata makatoni ndi tepi, galu atagona pakati pa bwalo ngati walipira lendi.

"Ndiye kuti mwamva kale, aneba?" anafunsa Atelala, maso ali pa makatoni.

"Ndamva. Mumakuwa pafoni, ndipo khomali ndi lopyapyala."

"Mwayamba kale kulongedza?"

"Makatoni ndiwo amavuta kupeza. Ndathamangira kugolosale asanawataye."

Atelala anayembekezera kutukwanidwa, ndipo anali atakonza mayankho ake, koma ulemu umenewu unawasokoneza. Anakhala pansi pa sitepe n'kuyamba kudziteteza asanaimbidwe mlandu.

"Koma musati sindinanene. Ndinakuuzani kuti galuyu mum'mange chingwe."

"Ndinam'manga."

"M'khosi mokha! Mbali inayo imangokhwekhwereka pansi, mpaka inakola ndowa yanga."

"Za mbali inayo simunanene."

"Ndinabweranso kudzanena kuti mumangirire ku chinthu."

"Ndinamangirira ku mpando."

"Wapulasitiki, aneba. Anaukoka mpaka kumsewu, ana akuwombera m'manja."

"Mpando ndi chinthu," anatero Amesenjala, akudula tepi ndi mano.

Atelala anawakumbutsanso kuti atanena za chinthu chosasuntha, anakapeza galuyo atamangiriridwa ku mtengo wa waya wawo woyanikapo zovala, ndipo masiketi a kwaya yonse, amene anali atangowasoka, anatera m'matope. Amesenjala anavomera kuti masiketi anagwadi, koma mtengowo, iwo anati, sunasunthe ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wofuna akhoza kukauyesa.

"Chabwino, zapita zimenezo," anatero Atelala, akupukuta thukuta. "Nkhani ndi ya lero. Galuyu achoke mwini nyumba asanafike, basi nkhani yatha."

"Achoke apite kuti?"

"Kulikonse. Kwa abale anu."

"Abale anga galuyu sakumudziwa."

"Adziwana m'njira. Kapena mubiseni m'nyumba mwanu."

"Kwanga salowa. Ndikamuitana amangondiyang'ana."

"Ndiye kulera kwake kumeneko? Galu wosamva ndi pakhomo pomwe?"

"Inenso zimandidabwitsa," anatero Amesenjala, "koma ndimaopa kulowerera."

Atelala anayang'ana galu uja. Chilungamo chake, anali wonenepa bwino, ubweya ukuchita kunyezimira, ndipo m'khosi anali ndi kolala wansalu wosokedwa mwaluso, msoko wake wowongoka moti munthu wantchito sakanalephera kuusirira. Zinawapweteka kuti nkhalamba yosamala chiweto chonchi igone panja chifukwa cha pakamwa pawo.

"Aneba, kodi kusamuka sikukuwawani?"

"Kukundiwawa kwambiri. Tinazolowerana."

"Nanga mukumatiranji makatoni m'malo molimbana nazo?"

"Munanena pafoni kuti mwini galu achoke lero lomwe, ndipo mwini nyumba asamve zonena zake. Ndiye ndaona kuti ndithandize."

"Mawu a mkwiyo amenewo. Munthu akakwiya amanena zilizonse."

"Munabwereza."

"Ndinabwereza chifukwa foni imadukaduka!"

Amesenjala anagwedeza mutu momvetsa, n'kutenga katoni ina. Anafotokoza kuti zonse aziganizira kale. Mbale zikulungidwa m'nyuzipepala, wilibala abwereka kwa womanga nyumba wa kuseri, ndipo mvula ikagwa ali ndi pepala lalikulu lapulasitiki. Atelala anamvetsera mutu uli pansi, manyazi atawagwira. Mumtima analumbira kuti mwini nyumba akafika amugwadira, anene kuti jekete lija linali lakale, ngakhale kuti linali latsopano ndipo mwini wake anali wapolisi.

"Ine ndikunyamulirani katundu yense ndekha," anatero Atelala. "Msana wanu si wonyamulira zinthu."

"Zikomo. Koma makinawo nokha simungathe. Afunika anthu anayi."

"Makina ati?"

"Osokera."

"Inu muli ndi makina osokera?"

"Ayi. Ndingawatani ine?"

Atelala anayang'ana makatoni aja bwinobwino, ndipo anaona kuti ena anali aatali, oyenera kulowamo mipukutu ya nsalu, ndipo imodzi inali yaing'ono, yoyenera ulusi ndi mabatani.

"Aneba," anatero pang'onopang'ono, "makatoniwa ndi a ndani?"

"Anu."

"Nanga galuyu?"

"Wanunso."

"Wanga bwanji? Ine galu ndinamugula liti?"

"Simunagule. Mayi a kunyumba kwanu anamutola ali kamwana, nthawi ija munapita kukasoka mayunifolomu kusukulu. Amadyera kuseri kwa khitchini yanu, m'mbale yobiriwira ija mumaifunafuna."

"Ndiye bwanji nthawi yonseyi mumam'manga ndikakuuzani?"

"Munandituma. Ndinaona kuti mnzanga ndi wotanganidwa, manja ali pa makina, galu wake wamukanika."

"Osandiuza?"

"Mayiwo anati ndisakuuzeni pokhapokha mutafunsa. Mwafunsa lero."

Atelala anadzuka, n'kukhalanso pansi. Anakumbukira mmene nyama inkathera msanga m'poto, ndi mmene akazi awo ankatsokomolera nthawi zonse nkhani ya galu ikayamba. Koma makani sachoka tsiku limodzi. Anaimirira kachiwiri, n'kukonza kolala wa malaya awo.

"Palibe umboni. Galu salankhula. Ndikana, ndinena kuti ndi wongoyendayenda wa mumsewu, ndipo inu mukhale chete."

"Akapanda kundifunsa ndikhala chete."

"Akakufunsani?"

"Ndiyankha."

Kunja kwa geti kunamveka galimoto ikuima, kenako chitseko chake chikutsekedwa. Galu uja anadzuka, anadziwongola, n'kuyenda mwaulemu kudzakhala pa phazi la Atelala, mchira ukusesa fumbi. Atelala anayesa kumukankha ndi bondo, iye n'kuwanyambita dzanja.

"Choka, iwe! Sindikukudziwa," ananong'ona.

Amesenjala anayang'ana galuyo, n'kuyang'ana Atelala, n'kuyang'ananso galuyo. Kenako anaika tepi pansi.

"Aneba, pa moyo wanga wonse sindinaperekepo maganizo osafunsidwa, koma lero mundikhululukire."

"Nenani msanga, akutsegula geti."

"Ngati mukufuna kumukana, vulani kaye malayawo. Nsalu yake ndi imodzimodzi ndi ya kolala wa galu wanu."