Kachilonda ka Bwana

Pamzere wa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala, bambo wina wovala taye ankaona kuti malo ake si amenewo. Anatembenukira kwa mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Kale matendawa anali athu, mabwana. Lero aliyense akungodwala."

"Pepani bwana, takulowererani. Nanga phazilo mwamangiranji?"

"Kachilonda chabe. Kakhalitsa ndithu, koma sikapweteka n'komwe. Thupi langa ndi lolimba."

"Amuna anganso ankatero. Sikankapweteka."

"Ndiye kanapola?"

"Anawadula mwendo. Panopa ndadzawatengera mankhwala, ngati alipo."

Bamboyo anayang'ana phazi lake kwa kanthawi.

"Mayi, kodi mzerewu ukuyenda?"

"Unaima kalekale, bwana. Dokotala ndi mmodzi, odwalafe ndi dziko lonse."