Phiri Lomwe Palibe pa Mapu

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhaniyi, mtima ukundiwawabe.

Ndimakhala ku Chipanga, pafupi ndi mgodi wa malasha. Ataimika antena ya matelefoni, telefoni inkagwira mpaka kuchipinda, moti ndinkacheza ndi amayi anga a ku Zóbuè ndili khale pamphasa. Koma dothi lomwe magalimoto amgodi amataya linaunjikana mpaka kusanduka phiri, rede, ndiye kuti netiweki ya telefoni, n'kuyamba kusowa.

Tsiku lina ndikupita kumsika, nditangolipitirira phirilo, mauthenga analowa motsatizana. Achimwene ankandifuna kuyambira dzulo lake: "Amayi adwalika, akukuitana, bwera msanga." Uthenga womaliza unali woti atisiya.

Maliro atatha, kunabwera bambo wa kukampani ya matelefoni ndi makina oonetsa mapiri ndi zigwa za dera lathu. Anati, "Mayi, pano pakuoneka pathyathyathya, rede imayenera kufika." Atakweza maso n'kuona mulu wa dothi uja, anausa moyo. "Mapuwa tinajambula phirili kulibe."

Sindikunena kuti mapu ngachabe, poyamba anatithandiza ndithu. Koma inu oyeza malo, muzibweranso kudzayeza, chifukwa kuno mapiri amakula. Amayi anandiitana mpaka mawu kutha, ine ndili kuseri kwa dothi, ndikuyanika zovala, ndikuimba nyimbo.